Sam Steele: Wapolisi wa pa hatchi amene adalondera malire kuchokera ku Yukon mpaka ku Transvaal

Kuyambira m'chaka cha 1901 mpaka 1906, mafamu ndi midzi yambiri ya ku Transvaal, m'dziko la South Africa, inkalonderedwa ndi apolisi a pa hatchi amene mtsogoleri wawo adali mzungu wa ku Canada, Samuel Benfield Steele. Kum'mwera kwa Africa kuno dzina limeneli lidaiwalika kale, koma kwawo ku Canada limamvekabe. Kuli phiri lalitali la Mount Steele, mudzi wakale wa Fort Steele, ndiponso kampu ya asilikali ya Steele Barracks pafupi ndi mzinda wa Edmonton. Anthu a kumeneko amamukumbuka monga wapolisi wa jekete lofiira amene adakhazikitsa bata pakati pa anthu zikwizikwi ofuna golide, ndipo adachita zimenezi osadalira mfuti.

Mbiri imeneyi ndi yoona, komabe ili ndi mbali ina. Steele adali munthu wosalandira ziphuphu, wolimba mtima ndiponso wosakondera poweruza mlandu umene wafika pamaso pake. Koma pafupifupi kulikonse kumene adatumidwa, ntchito yake idali yokhazikitsa ulamuliro wa boma latsopano pa nthaka imene idali ndi eni ake kale. Moyo wake ukuonetsa momwe wapolisi angakhalire wachilungamo pa mlandu uliwonse pawokha, pamene lamulo limene akulitumikira likulanda anthu dziko lawo.

Mwana wa msilikali

Steele adabadwa pa 5 Januwale 1848 m'dera la Medonte, pafupi ndi tauni ya Orillia, m'chigawo chimene lero chimatchedwa Ontario. Bambo ake, Elmes Steele, adali kaputeni wa asilikali a pamadzi a Britain amene adamenya nawo nkhondo za Napoleon, kenaka n'kusamukira ku Canada kukayamba ulimi. Iwo adamwalira m'chaka cha 1865, mnyamatayo ali kale wamasiye wa mayi. Adakulira kumudzi, komwe adaphunzira kukwera hatchi, kuombera mfuti ndi kuyenda m'nkhalango.

M'chaka cha 1866 magulu a anthu ochokera ku Ireland okhala ku America, otchedwa Fenian, adayamba kuwoloka malire n'kumathira nkhondo m'madera a Canada pofuna kupweteka boma la Britain. Steele adalowa gulu la asilikali odzipereka pa nthawi imeneyo. Chaka chotsatira, 1867, zigawo zingapo za kum'mawa zidagwirizana n'kupanga dziko la Canada, ndipo m'chaka cha 1870 dziko latsopanoli lidalandira chigawo chachikulu cha kumadzulo kuchokera ku kampani yogula zikopa ya Hudson's Bay Company, imene idapatsidwa ndalama zokwana £300,000. Anthu okhala m'chigawocho sadafunsidwe maganizo awo pa malonda amenewa.

Oyamba kukana adali a mtundu wa Métis a ku Red River, zidzukulu za amalonda a ku Ulaya ndi amayi a mitundu ya eni nthaka. Motsogozedwa ndi Louis Riel, iwo adakhazikitsa boma lawo la kanthawi. Boma la Canada lidakambirana nawo n'kupanga chigawo cha Manitoba, koma lidatumizanso asilikali motsogozedwa ndi Colonel Garnet Wolseley, yemwe pambuyo pake, m'chaka cha 1879, adadzagawa ufumu wa Azulu ku South Africa. Steele adali msilikali wamba pa ulendo umenewu. Adayenda kwa miyezi ingapo m'mitsinje ndi m'nyanja, akusenza mabwato ndi migolo ya chakudya paliponse pamene madzi sadalole. Atafika ku Fort Garry mu Ogasiti 1870 adapeza Riel atachoka, ndipo nkhondo siidachitike. Chaka chotsatira Steele adalowa gulu la asilikali a mizinga ku Kingston.

Ulendo wa kumadzulo

Chigawo chimene Canada idagula chidali chachikulu kwambiri, ndipo boma lidalibe wolondera ngakhale mmodzi kumeneko. Amalonda ochokera ku America ankagulitsa mowa waukali kwa eni nthaka posinthanitsa ndi zikopa za njati, makamaka pa malo otchedwa Fort Whoop-Up. Mu Juni 1873 alenje a mimbulu adapha anthu oposa 20 a mtundu wa Nakoda ku Cypress Hills. Nkhaniyi idafulumizitsa nduna yaikulu John A. Macdonald kukhazikitsa gulu la apolisi a pa hatchi la North-West Mounted Police. Steele adali mmodzi mwa anthu oyambirira kulumbira, ndipo adapatsidwa ntchito yophunzitsa anzake kukwera hatchi ndi kuweta mahatchi olusa.

Pa 8 Julayi 1874 apolisi pafupifupi 300 adanyamuka ku Fort Dufferin kulowera kumadzulo. Ulendowu udali wa mavuto: madzi akumwa adasowa, msipu udatha ndipo mahatchi ankafa m'njira. Gulu la Steele lidapatulidwa n'kupatsidwa ziweto zofooka ndi anthu odwala kuti lipite nazo ku Fort Edmonton, kumpoto. Adafika patapita pafupifupi miyezi inayi, kuzizira kutayamba, ndipo m'masiku otsiriza apolisi ankachita kudzutsa ndi manja mahatchi ogwa m'matope. Akuluakulu ake adaona kupirira kwake pa ulendowu, ndipo m'chaka cha 1878 adakwezedwa kukhala ofesala.

Malonda a mowa adachepa mofulumira, ndipo mafumu ena, monga Crowfoot wa mtundu wa Blackfoot, adayamikira apolisiwo pa chifukwa chimenechi. Chikhulupiriro chomwecho ndi chimene chidathandiza boma kupeza nthaka. Steele adalipo pamene pangano la nambala 6 linkasainidwa ndi a Cree m'chaka cha 1876, komanso pangano la nambala 7 ndi a Blackfoot m'chaka cha 1877. M'mapanganowa boma lidatenga madera aakulu kwambiri n'kulonjeza malo opatulidwa okhalamo eni nthaka, zipangizo za ulimi ndi ndalama zokwana madola 5 pa munthu chaka chilichonse. Pangano la 1876 lidalonjezanso thandizo pa nthawi ya njala. Mu Okutobala 1877 Steele adalinso ku Fort Walsh pamene General Alfred Terry wa ku America adayesa, koma osaphula kanthu, kunyengerera mfumu Sitting Bull kuti ibwerere kwawo itathawira ku Canada pambuyo pogonjetsa asilikali a Custer.

Pofika 1879 njati, zimene zidali chakudya, zovala ndi pogona pa anthu a m'zigwa, zidali zitatha chifukwa cha kuphedwa mopitirira muyeso. Njala idagwa. Akatswiri a mbiri yakale aonetsa kuti boma linkapereka phoso mwakaso, ndipo nthawi zina linkalimana dala pofuna kukakamiza mafumu kusamukira m'malo opatulidwa aja. Mfumu Big Bear ya a Cree, imene idakana kusaina kwa zaka zisanu ndi chimodzi, idagonja mu Disembala 1882 anthu ake atatheratu ndi njala. Apolisi ena a pa hatchi adadandaula ku boma za nkhanza imeneyi, komabe ndi gulu lawo lomwelo limene linkaonetsetsa kuti mfundo za boma zikutsatidwa.

Njanji ndi nkhondo ya 1885

Pamene kampani ya Canadian Pacific inkamanga njanji yolumikiza kum'mawa ndi nyanja ya Pacific, Steele adapatsidwa udindo wosunga bata m'misasa ya antchito. Adali wapolisi komanso woweruza milandu pa nthawi imodzi. Kumene njanji yafika kunkatsatira ogulitsa mowa, otchova njuga ndi mbava, ndipo iye ankayenda ndi msasawo mpaka m'mapiri a Rocky ndi Selkirk.

Kumayambiriro kwa 1885 kampaniyo idatsala pang'ono kugwa, ndipo antchito adakhala nthawi yaitali osalandira malipiro. Steele adachenjeza boma kuti zinthu zifika poipa. Mu Epulo antchito a ku Beavermouth adanyanyala ntchito, ndipo pamene apolisi adagwira munthu wina amene ankasonkhezera chipolowe, khamu lidakhamukira ku polisi kuti likamumasule. Steele adali chigonere ndi malungo aakulu, ndipo adali ndi apolisi asanu ndi atatu okha. Adadzuka, n'kutenga mfuti, n'kukaima patsogolo pa khamulo pamene mnzake ankawerenga lamulo loletsa zipolowe. Anthuwo adabalalika. Patapita masiku ochepa malipiro adafika ndipo ntchito idayambanso. Iye ankadziwa kuti dandaulo la antchito lidali loona, koma udindo wake udali woti njanji isaime.

Pa nthawi yomweyo kumadzulo kudabuka nkhondo. Louis Riel adali atabwerera kudzatsogolera a Métis amene ankaopa kulandidwa minda, ndipo pa 2 Epulo 1885 anyamata ankhondo a gulu la Big Bear adapha anthu asanu ndi anayi ku Frog Lake, ngakhale kuti mfumuyo idayesa kuwaletsa. Steele adasonkhanitsa apolisi ndi abusa a ng'ombe n'kupanga gulu la azondi a pa hatchi lotchedwa Steele's Scouts, pansi pa Major-General Thomas Bland Strange. Adamenyana ndi a Cree ku Frenchman's Butte pa 28 Meyi, ndipo pa 3 Juni adawapeza ku Loon Lake akuthawa ndi akazi ndi ana. A Cree angapo adaphedwa pamenepo, kuphatikizapo mfumu Seekaskootch. Nkhondo ya ku Loon Lake imawerengedwa kuti ndi yomaliza kumenyedwa pa nthaka ya Canada.

Big Bear adadzipereka mu Julayi, adalamulidwa kukhala m'ndende zaka zitatu, ndipo adamwalira mu Januwale 1888 atatulutsidwa ali wodwala. Riel adanyongedwa ku Regina pa 16 Novembala 1885, ndipo amuna asanu ndi atatu a mitundu ya eni nthaka adanyongedwa pamodzi ku Battleford pa 27 mwezi womwewo. Steele adakwezedwa pa udindo, ndipo pa 7 Novembala adalipo ku Craigellachie pamene msomali womaliza wa njanji unkakhomedwa.

Mlandu wa ku Kootenay

Chitsanzo chabwino cha mphamvu ndi malire a chilungamo chake chidachitika m'chaka cha 1887 ku Kootenay, m'chigawo cha British Columbia. Munthu wina wa mtundu wa Ktunaxa, dzina lake Kapula, adatsekeredwa pomuganizira kuti adapha azungu awiri okumba golide. Mfumu Isadore, pokhulupirira kuti umboni padalibe, idapita ndi anthu ake n'kukamutulutsa m'ndende. Azungu a m'deralo adachita mantha n'kupempha asilikali.

Steele adafika ndi apolisi pafupifupi 75 n'kumanga kampu pafupi ndi doko la Galbraith's Ferry. Sadathire nkhondo. Adapempha mfumuyo kuti ipereke oganiziridwawo, ndipo idavomera. Atamva mlandu adapeza kuti umboni udali wosakwanira, ndipo adawamasula. Pa nthawi imene mawu a mzungu ankakwanira kumangitsa mwini nthaka, chigamulo chimenechi chidali chachilendo, ndipo chidachititsa kuti Isadore amukhulupirire.

Koma mkangano weniweni udali wa nthaka. Malo odyetsera ziweto a Joseph's Prairie, amene a Ktunaxa ankagwiritsa ntchito kuyambira kale, adali atagulidwa ndi Colonel James Baker, phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawocho. Pa nkhani imeneyi Steele adalibe mlandu woti aweruze, popeza lamulo lidali litanena kale kuti malowo ndi a Baker. Adagwiritsa ntchito ulemu umene adapeza kwa mfumuyo kuinyengerera kuti ichokepo, ndipo idachoka. Apolisi adachoka m'chaka cha 1888 popanda kuombera munthu. Azungu a pa dokolo adasintha dzina la mudzi wawo kukhala Fort Steele, ndipo pa Joseph's Prairie pali mzinda wa Cranbrook.

Atachoka kumeneko adayang'anira apolisi ku Fort Macleod kwa zaka pafupifupi khumi. Mu Januwale 1890 adakwatira Marie Harwood wa ku Quebec, ndipo adabereka ana atatu: Flora, Gertrude ndi Harwood. Ankalakalaka kukhala mkulu wa gulu lonse la apolisi a pa hatchi, ndipo sankamvana ndi amene adali pa mpandowo, Lawrence Herchmer. Udindowo sadaupeze mpaka imfa yake.

Golide wa ku Klondike

Mu Ogasiti 1896 golide adapezeka mu kamtsinje kothira mu mtsinje wa Klondike, ku Yukon, kumpoto kwenikweni kwa Canada. Mbiri itafika ku America chaka chotsatira, anthu pafupifupi 100,000 adanyamuka, ngakhale kuti amene adafika adali pakati pa 30,000 ndi 40,000. Ambiri ankatsika sitima ku Skagway ndi Dyea, ku Alaska, n'kukwera mapiri kudzera m'mipata iwiri, wa Chilkoot ndi wa White. Malire a Canada ndi America m'derali adali asadatsimikizidwe, ndipo boma la Canada linkaopa kuti khamu la anthu a ku America likhoza kulanda chigawocho.

Kumayambiriro kwa 1898 Steele adatumidwa kukayang'anira mipata iwiriyo. Apolisi adamanga timisasa pamwamba pa mapiri, m'chipale chofewa chozama, n'kuikapo mfuti za chiwaya ndi mbendera. Aliyense wodutsa ankalipira msonkho wa katundu, ndipo potero ankavomereza kuti walowa m'dziko la Canada. Steele adalimbikira lamulo loti munthu asalowe popanda chakudya cha chaka chonse. Pamodzi ndi zipangizo, katundu wa munthu mmodzi ankalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo wopanda ziweto ankakwera phiri maulendo ambirimbiri kuti amalize kututa. Anthu adang'ung'udza, koma lamuloli lidapulumutsa ambiri ku njala, popeza ku Yukon mitsinje ikaundana chakudya sichinkafika kwa miyezi yambiri.

Atawoloka mapiri, apaulendo ankakhoma mabwato m'mphepete mwa nyanja za Bennett ndi Lindeman podikira kuti madzi asungunuke. Steele adalamula kuti bwato lililonse lilembedwe nambala pamodzi ndi maina a okweramo, kuti wina akasowa abale ake adziwitsidwe. Kumapeto kwa Meyi 1898 mabwato oposa 7,000 adanyamuka. Pa mathithi a Miles Canyon ndi White Horse mabwato ambiri adasweka ndipo anthu ena adamira m'masiku oyambirira. Iye adafika n'kuika malamulo ake pomwepo: amayi ndi ana ayende pansi kulambalala mathithiwo, ndipo bwato lidutse pokhapokha likuwongoleredwa ndi munthu wodziwa. Panalibe nyumba ya malamulo imene idamupatsa mphamvu zimenezi, koma ngozi zidachepa kwambiri.

Mu Sepitembala 1898 adafika ku Dawson monga mkulu wa apolisi onse a ku Yukon. Ku Skagway, mbali ya America, gulu la chigawenga Soapy Smith lidakhala likubera anthu poyera mpaka iye adaomberedwa mu Julayi chaka chomwecho. Ku Dawson zidali zosiyana. Munthu sankaloledwa kuyenda ndi mfuti m'tauni. Mabala ndi nyumba za njuga zinkaloledwa koma zinkatsekedwa Lamulungu. Wolakwa ankapatsidwa ntchito yowaza nkhuni za boma m'chisanu choopsa, kapena ankalamulidwa kuchoka m'tauni. Matenda a tayifodi atabuka, Steele adatsogolera ntchito ya ukhondo, ndipo ndalama za chindapusa zidathandiza kulipirira odwala m'zipatala.

Bata limeneli silidafikire onse mofanana. Malo amene padamangidwa Dawson adali pafupi ndi msasa wa usodzi wa anthu a mtundu wa Tr'ondëk Hwëch'in. Mfumu yawo, Isaac, idasamutsira anthu ake ku Moosehide, kumunsi kwa mtsinje, pamene nkhalango zinkadulidwa ndipo nyama zinkathawa.

Chimene chidamuchotsa Steele ku Yukon ndi kukana kwake katangale. Maofesi ena a boma ku Dawson adadzaza ndi anthu olembedwa ntchito chifukwa cha chipani, ndipo okumba golide ankadandaula kuti ziphaso za migodi zinkayenda ndi ziphuphu. Steele adalimbana ndi ena mwa anthu a nduna yoona za m'dziko, Clifford Sifton, ndipo mu Sepitembala 1899 adachotsedwa. Anthu a ku Dawson adalembera boma kupempha kuti asachoke, ndipo adakhamukira pa doko kudzatsazikana naye.

Ku South Africa

Mwezi wotsatira, Okutobala 1899, nkhondo idayamba pakati pa Britain ndi maboma a Mabunu a Transvaal ndi Orange Free State. Mkulu wina wolemera, Lord Strathcona, yemwe ndi amene adakhoma msomali womaliza wa njanji uja, adadzipereka kulipira ndi ndalama zake gulu la asilikali a pa hatchi, ndipo adasankha Steele kukhala mtsogoleri. Gululo, lotchedwa Strathcona's Horse, lidali ndi amuna oposa 500, ambiri a iwo abusa a ng'ombe ndi apolisi akale a kumadzulo kwa Canada. Lidafika ku Cape Town mu Epulo 1900.

Ntchito yawo yoyamba idali yachinsinsi: kukaphwanya mlatho wa njanji wa ku Komatipoort kuti Mabunu asalandirenso katundu kuchokera ku doko la Lourenço Marques, lomwe lero ndi Maputo. Chinsinsicho chidaululika ndipo ulendo udalephereka. Kuyambira mu Juni gululo lidatumikira monga azondi a asilikali a General Redvers Buller, kuchokera ku Natal kulowa kum'mawa kwa Transvaal mpaka ku Lydenburg. Pa 5 Julayi 1900 Sajeni Arthur Richardson adapulumutsa mnzake wovulala pafupi ndi Standerton zipolopolo zikuvumba, ndipo adalandira mendulo ya Victoria Cross. Pobwerera kwawo mu Febuluwale 1901 adadzera ku London, komwe Mfumu Edward VII idawapatsa mbendera yaulemu.

Nkhondo imeneyi idali yonyansa. Mabunu atayamba kumenya mobisalira, asilikali a Britain adayamba kutentha mafamu ndi kulanda ziweto, ndipo gulu la Steele lidachita nawo zimenezi. Mabanja ankatsekeredwa m'misasa. Mabunu oposa 26,000, ambiri a iwo ana, adafera m'misasa imeneyi, ndipo anthu akuda osachepera 14,000 adafera m'misasa yawo, imene kwa zaka zambiri mabuku a mbiri sankaitchula n'komwe.

Pakati pa chaka cha 1901 Steele adabwereranso, ataitanidwa ndi Robert Baden-Powell, amene pambuyo pake adayambitsa gulu la Boy Scouts. Baden-Powell ankakhazikitsa apolisi a South African Constabulary, ndipo Steele adapatsidwa gawo lina lalikulu la ku Transvaal, likulu lake ku Pretoria. Nkhondo itatha ndi pangano la Vereeniging pa 31 Meyi 1902, iye adagwiritsa ntchito nzeru za kwawo. Adamwaza apolisi m'timisasa ting'onoting'ono, n'kuwalamula kuyendera mafamu kawirikawiri, kuphunzira chilankhulo cha Mabunu ndi kuthandiza pa matenda a ziweto. Cholinga chidali choti adani a dzulo ayambe kukhulupirira boma latsopano, ndipo pa mbali imeneyi adachita bwino ndithu.

Chiyanjano chimenechi chidali cha pakati pa azungu okhaokha. Pangano la Vereeniging lidanena kuti nkhani ya ufulu wovota wa anthu akuda idzakambidwa maboma a Mabunu atayamba kudzilamulira, zimene zidatanthauza kuti ufuluwo sudzaperekedwa. Anthu akuda ambiri adali atathandiza Britain pa nkhondo, ndipo ena adali atayamba kulima m'mafamu osiyidwa poyembekeza kuti nthaka ya makolo awo ibwerera. Apolisi adatumidwa kubwezera mafamuwo kwa Mabunu, kulanda mfuti za anthu akuda ndi kuonetsetsa kuti malamulo a mapasi ndi msonkho akutsatidwa.

Migodi ya golide ya ku Johannesburg inkasowa antchito. Bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela linkatenga ambiri ku Mozambique, koma sadakwane, ndipo kuyambira 1904 eni migodi adabweretsa antchito oposa 60,000 kuchokera ku China. Ankakhala m'makomboni otsekedwa, ndipo ena ankathawa chifukwa cha nkhanza. M'zaka zake zomaliza ku Transvaal, apolisi a Steele adatanganidwa ndi kusaka othawawa. Iye adachoka m'chaka cha 1906, ndipo gulu la South African Constabulary lidathetsedwa mu 1908. Patangopita zaka zisanu, lamulo la nthaka la 1913 lidasiyira anthu akuda gawo la pafupifupi 7 pa 100 la dziko lonse.

Zaka zotsiriza

Steele adabwerera ku Canada m'chaka cha 1907 n'kukhala mkulu wa asilikali ku Calgary, kenaka ku Winnipeg. Kumeneko adalemba buku la moyo wake, Forty Years in Canada, lomwe lidathandiza kwambiri kufalitsa mbiri ya apolisi a jekete lofiira. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba m'chaka cha 1914, adakwezedwa kukhala Major-General, ndipo mu 1915 adasonkhanitsa ndi kuphunzitsa gulu lalikulu lachiwiri la asilikali a Canada n'kupita nalo ku England. Akuluakulu a nkhondo adati wakalamba, ndipo gululo lidapita ku France ndi mtsogoleri wina. Kwa zaka zambiri iye ankachepetsa zaka zake zobadwa, koma pa nthawiyi adali ndi zaka 67.

Adatsala ku Shorncliffe, m'chigawo cha Kent, akuyang'anira makampu ophunzitsira asilikali, m'kati mwa mikangano yosatha ya maudindo pakati pa akuluakulu a Canada. Mu Januwale 1918 adapatsidwa ulemu wotchedwa Sir, ndipo chaka chomwecho adapumitsidwa ntchito. Adamwalira ku Putney, mumzinda wa London, pa 30 Januwale 1919, ndi mliri wa fuluwenza umene udaphanso anthu ambirimbiri m'maiko a kum'mwera ndi pakati pa Africa.

Thupi lake lidatengedwa kupita ku Winnipeg ndipo lidaikidwa m'manda a tchalitchi cha St John's kumayambiriro kwa Julayi 1919. Mzindawo udali utangotuluka kumene m'sitalaka yaikulu ya milungu isanu ndi umodzi. Pa 21 Juni apolisi a gulu lake lakale adali atathamangitsa ndi mahatchi khamu la antchito n'kuombera, ndipo anthu awiri adafa. Apolisi a gulu lomwelo ndi amene adaperekeza maliro ake m'misewu ya mzindawo. Chaka chotsatira gululo lidaphatikizidwa ndi lina n'kukhala Royal Canadian Mounted Police.

M'chaka cha 2008 University of Alberta idagula makalata, zithunzi ndi mabuku a tsiku ndi tsiku a Steele kwa banja lake ku England, ndipo akatswiri akhala akuwerenganso moyo wake kuchokera m'zolemba zake zomwe. Chithunzi chimene chatuluka ndi cha munthu wogwira ntchito usana ndi usiku, wofuna maudindo, wokonda banja lake, ndiponso wokhulupirira ndi mtima wonse kuti ulamuliro wa Britain udali dalitso kwa aliyense amene udamufikira. Pa mlandu wa Kapula adafunsa umboni, ndipo umboni utasowa adamasula munthu. Pa nkhani ya Joseph's Prairie, ya zigwa za a Cree ndi ya mafamu a ku Transvaal sadafunse kuti nthakayo idafika bwanji m'manja mwa boma, popeza funso limenelo silidali m'buku la malamulo limene adapatsidwa. Zidzukulu za a Cree, a Ktunaxa ndi anthu akuda a ku South Africa ndi zimene pambuyo pake zidalitengera funsolo ku makhoti ndi ku nyumba za malamulo.